Zitseko Zobisika za M'kompyuta

Ana inu, amene munalembapo Chichewa pa kompyuta mukudziwa zimene zimachitika. Mwatsegula Microsoft Word, mwalemba bwinobwino kuti "Agogo apita kumunda kukakolola chimanga," koma pafupifupi liwu lililonse latuluka ndi kamzere kofiira kokhotakhota kunsi kwake. Kodi mwalakwitsa? Ayi ndithu. Word ikuyerekeza mawu anu ndi mawu a Chingerezi amene ali m'dikishonale yake, ndipo liwu lililonse limene mulibe m'menemo ikulichonga. Timizere timeneti tinayamba kuoneka mu Word ya chaka cha 1995, ndipo mpaka lero tikadalipo.

Nanga mungaiuze kuti isiye? Mungathe. Dinani File, kenako Options pansi penipeni, kenako Proofing. Mupeza kabokosi kolembedwa kuti Check spelling as you type. Chotsani kachizindikiro kamene kali m'kabokosiko n'kudina OK. Timizere tonse tija tazimiririka! Tsiku limene mukulemba Chingerezi, mudzabwererenso komweko n'kukayatsa, kuti tikuthandizeni masipelo.

Kabokosi kameneka kanalipo nthawi yonseyi, kungoti kali kuseri kwa zitseko zitatu. Mapulogalamu a pa kompyuta ali ndi timabokosi totere tambirimbiri, tina pafupi, tina patali kwambiri. Lero tiona kumene timabisala, chifukwa chake anatibisa, ndiponso mmene mwana wachidwi angatifufuzire popanda kuwononga kanthu.

Kodi masetingi n'chiyani?

Pulogalamu iliyonse inapangidwa ndi anthu, ndipo anthuwo anayenera kusankha zinthu zosawerengeka. Zilembo zikhale zazikulu bwanji? Mawu azimveka mokweza mpaka pati? Fayilo izikasungidwa kuti? Zina mwa zosankhazi anazikhomerera, koma zina anatisiyira mpata woti tizisintha tokha. Zimenezi ndi zimene timati masetingi.

Setingi imakhala ya mitundu itatu. Ina imangofuna yankho lakuti inde kapena ayi, monga kabokosi ka mu Word kaja. Ina imafuna nambala. Ina imafuna mawu, monga dzina la foda yosungiramo zithunzi.

Pulogalamu ikamafika kwa inu, imabwera atakusankhirani kale zonse, kuti mungoyamba kuigwiritsa ntchito. Opangawo amayesetsa kusankha zimene zingakomere anthu ambiri, koma sangadziwe aliyense. Likulu la kampani ya Microsoft lili mumzinda wa Redmond ku America, kutali kwambiri ndi mwana amene akulemba za munda wa agogo ake. Choncho mukaona kompyuta ikuchita zinazake zosakukomerani, musafulumire kunena kuti ndi mmene inabadwira. Dzifunseni kuti: kodi munthu wina sanasankhe zimenezi? Ngati anasankha, mwina pali malo osinthira.

N'chifukwa chiyani amazibisa?

Taganizirani minibasi. Pafupi ndi dalaivala pali zinthu zochepa zimene amagwira mphindi iliyonse: chiwongolero, giya, buleki ndi hutala. Koma m'maminibasi ambiri injini ili pansi pa mpando wakutsogolo. Apaulendo amakhalapo tsiku lonse osaiona. Galimoto ikavuta, makaniko amatukula mpandowo, ndipo pamenepo mumaona mawaya, mapaipi ndi manati osawerengeka. Sanaibise chifukwa cha nkhanza. Anaibisa kuti isasokoneze anthu, ndiponso kuti munthu asagwire mwangozi chinthu choti chiimitse ulendo.

Opanga mapulogalamu nawonso ali ndi zifukwa zawo zobisira masetingi ena. Choyamba ndi malo. Sikirini ndi yaing'ono, ndipo atati aike batani la chinthu chilichonse poyera, malo olembera sangatsale. Chachiwiri ndi chitetezo: pali masetingi ena amene mukawasintha molakwika pulogalamu imasiya kutseguka. Chachitatu n'chakuti zinthu zina amakhala asanamalize kuzipanga, ndiye amaziika pambali kuti aziyese kaye anthu ochepa odziwa.

Kusankha choti chioneke ndi choti chibisike ndi ntchito yovuta. A Microsoft anafika pozindikira kuti zinthu zambiri zimene anthu ankapempha kuti awonjezere mu Word ndi Excel zinalimo kale, kungoti anthuwo sankazipeza. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anasinthira maonekedwe onse a mapulogalamuwa mu Office 2007, n'kuika mzere waukulu wa mabatani umene mumauona pamwamba lero.

Tsopano tiyeni titsegule zitseko, kuyambira chapafupi.

Chitseko choyamba: kumapeto kwa menyu

Malo oyamba kuyang'ana ndi menyu, makamaka mawu amene ali pansi penipeni. Mapulogalamu ambiri amatcha malowa Settings, ena Options, ena Preferences. Ena salemba mawu konse, amangoika kachithunzi ka gudumu la manomano, timadontho titatu kapena timizere titatu pakona yakumanja.

Tiyeni titenge VLC, pulogalamu yoonera mafilimu ija imene chizindikiro chake ndi kachisoti kosongoka ka mizere yoyera, kofanana ndi zimene amaika pamsewu akamaukonza. Anaiyamba ndi ophunzira a pasukulu ya École Centrale Paris ku France mu 1996, ndipo mu 2001 anaipereka kwa anthu onse kwaulere. Anasankha chizindikiro chimenechi chifukwa gulu la ophunzirawo linkakonda kutolera tizisoti tapamsewu timeneti.

Tsegulani VLC, dinani Tools kenako Preferences. Windo imene yatseguka ikuoneka yosavuta. Koma tayang'anitsitsani pakona yapansi kumanzere. Pali timawu ting'onoting'ono takuti Show settings, ndipo pambali pake pali Simple ndi All. Anthu ambiri sayang'anako n'komwe. Dinani All. Windo yonse yasintha, kumanzere kwatuluka mndandanda wautali wokhala ndi nthambi, ndipo nthambi iliyonse ili ndi nthambi zake.

Tsatirani njira iyi: Interface, kenako Main interfaces, kenako Qt. Tsikani pansi mpaka mupeze Maximum Volume displayed. Pali nambala 125. Nambala imeneyi ndi imene imachititsa kuti voliyumu ya VLC izithera pa 125 peresenti. Ngati muli ndi filimu imene mawu ake amamveka chapansipansi, mukhoza kulembapo 200, kudina Save, kutseka VLC n'kuitsegulanso. Samalani ndi makutu anu, makamaka ngati mwavala mahedifoni, ndipo dziwani kuti mawu okwezedwa mopyola amayamba kusasa ndipo angawononge sipika yaing'ono.

Pamalo omwewo pali kabokosi kena kakuti Allow automatic icon changes. Masiku oyandikira Khirisimasi kachisoti ka VLC kamavala chipewa chofiira. Amene sakufuna chipewacho amachotsa chizindikiro m'kabokosi kameneka. Mwaona? Ngakhale kanthu kakang'ono ngati kameneka kali ndi setingi yake.

Chitseko chachiwiri: chopanda chogwirira

Zitseko zina simungazipeze ndi mausi, ngakhale mutadina menyu iliyonse. Zimatseguka pokhapokha mutalemba dzina lake.

Firefox ndi pulogalamu yolowera pa intaneti imene inatulutsidwa ndi bungwe la Mozilla mu 2004. Pamwamba pake pali malo amene timalembapo adiresi ya tsamba. Mukalemba pamenepo kuti about:config n'kudina Enter, simupita pa intaneti ayi. Mumalowa m'kati mwa Firefox mwenimwenimo. Choyamba imakuchenjezani kuti musamale. Kale batani lolowera linali lonjezo: munthu ankadina mawu olonjeza kuti akhala wosamala.

M'katimo muli masetingi masauzande angapo, ndipo mayina ake ndi aatali, olumikizidwa ndi madontho. Nachi chitsanzo: browser.tabs.closeWindowWithLastTab. Musaope kutalika kwake. Liduleni pa madontho, muliwerenge pang'onopang'ono, ndipo Chingerezi chimene mumaphunzira kusukulu chikuthandizani. Likufunsa kuti: kodi ndizitseka windo yonse munthu akatseka tabu yomaliza? Pambali pake palembedwa true, kutanthauza inde. Mukadinapo kawiri limasanduka false, ndipo kuyambira pamenepo Firefox siitsekekanso mukatseka tabu yomaliza. Mzere umene wasinthidwa umaoneka ndi zilembo zonenepa, kuti muzidziwa pamene mwagwira.

Chrome, ya kampani ya Google, imene inatuluka mu 2008, ili ndi chitseko chake: chrome://flags. Edge, pulogalamu inanso yolowera pa intaneti, nayo ili ndi edge://flags. Kumeneku n'kumene amaika zinthu zoyeserera, zosamalizidwa bwino. Zina zimadzakhala za aliyense pambuyo pake, zina zimangochotsedwa osaonekanso. Pamwamba pa tsambalo pali batani lakuti Reset all, lobwezeretsa zonse mmene zinalili.

Chitseko chachitatu: mafayilo osaoneka

Funso labwino ndi ili: mukazimitsa kompyuta n'kuiyatsa mawa, VLC imakumbukira bwanji kuti munalemba 200? Imakumbukira chifukwa inalemba penapake. Masetingi ambiri amasungidwa m'mafayilo wamba, ndipo mafayilowo amakhala m'mafoda obisika.

Pa Windows foda yotereyi dzina lake ndi AppData. Dinani batani la Windows pa kiyibodi pamodzi ndi chilembo R, mulembe %appdata% m'kabokosi kamene katuluke, n'kudina Enter. Mupeza mafoda okhala ndi mayina a mapulogalamu amene ali m'kompyutamo. Lowani mu foda ya vlc. Muli fayilo yotchedwa vlcrc. Mukaitsegula ndi Notepad muona mizere yambirimbiri ya mawu, yambiri yoyamba ndi chizindikiro cha #. Mzere uliwonse woyamba ndi chizindikirochi VLC imaudumpha powerenga, kutanthauza kuti setingi imeneyo palibe waisintha. Dinani Ctrl ndi F, mufufuze mawu akuti qt-max-volume. Ngati munasintha voliyumu ija, mupeza mzerewo ulibe #, ndipo kumapeto kwake kuli 200. Nambala imene munalemba ndi manja anu ili apa, m'fayilo yoti mwana akhoza kuiwerenga. Mukamaliza kuona, tsekani osasunga chilichonse.

Pa makompyuta a Linux ndi a Mac, fayilo imabisika dzina lake likayamba ndi kadontho. Nkhani ya mmene zimenezi zinayambira ndi yosangalatsa. Cha m'ma 1970, ku Bell Labs m'chigawo cha New Jersey ku America, Ken Thompson, Dennis Ritchie ndi anzawo ankapanga Unix, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta. Mu Unix foda iliyonse inali ndi mayina awiri apadera: kadontho kamodzi, koimira foda imene muli, ndi timadontho tiwiri, toimira foda ya pamwamba pake. Sankafuna kuti mayina awiriwa azioneka nthawi zonse pa mndandanda wa mafayilo. Malinga ndi Rob Pike, amene anagwirapo ntchito kumeneko ndipo anafotokoza nkhaniyi mu 2012, wolemba pulogalamu anadula njira. M'malo moti afufuze mayina awiriwo okha, anangouza kompyuta kuti idumphe dzina lililonse loyamba ndi kadontho. Anthu ena atazindikira zimenezi, anayamba kutcha mafayilo awo a masetingi mayina oyamba ndi kadontho kuti asamaoneke. Chidule cha munthu mmodzi chinasanduka mwambo umene watha zaka zoposa 50, ndipo unafika mpaka m'mafoni a Android, momwe WhatsApp imasunga masitetasi mu foda yotchedwa .Statuses.

Kuona mafayilo obisika sikovuta. Pa Windows 10, tsegulani foda iliyonse, dinani View n'kuchonga Hidden items. Pa Windows 11 ndi View, kenako Show, kenako Hidden items. Pa makompyuta ambiri a Linux ndi Ctrl ndi H. Pa Mac ndi Command, Shift ndi kadontho, zonse pamodzi.

Chitseko chosalowa mwana yekha

Windows ili ndi malo ena akuya kuposa onsewa, otchedwa Registry. Anayamba kuoneka mu Windows 3.1 m'chaka cha 1992. Ndi kaundula wamkulu momwe Windows yeniyeniyo ndi mapulogalamu ambiri amalembamo masetingi awo: pulogalamu iti izitsegula zithunzi, ziti ziziyamba zokha kompyuta ikayatsidwa, ndi zina zambiri. Akatswiri amalowamo ndi pulogalamu yotchedwa regedit.

Apa ndikupempheni kuchokera pansi pa mtima: musasinthemo kanthu muli nokha. Mu Word mukalakwitsa mumadina Ctrl ndi Z, zinthu n'kubwerera mwakale. Mu regedit mulibe batani lotero. Chimene mwafufuta chapita nthawi yomweyo, ndipo cholakwa chimodzi chikhoza kuchititsa kuti kompyuta ikanike kuyaka bwino. Ngakhale akatswiri amayamba akopera kaye pambali gawo limene akufuna kusintha. Ngati mukufuna kuona mmene mumaonekera, pemphani aphunzitsi a kompyuta akuonetseni iwo ali pomwepo.

Malamulo a wofufuza wanzeru

1. Pemphani kaye. Kompyuta ya kusukulu, ya ku laibulale kapena ya makolo imagwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri. Setingi imene yakukomerani inu ikhoza kusokoneza mnzanu wobwera pambuyo. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

2. Werengani musanadine. Kungoyang'ana sikuwononga kanthu. Ngati simukumvetsa dzina la setingi, isiyeni, kapena funsani tanthauzo lake. M'mapulogalamu ambiri, mukaimika mausi pamwamba pa dzinalo kwa kanthawi, pamatuluka mawu ofotokozera.

3. Lembani mmene zinalili. Khalani ndi kope. Lembani njira imene mwadutsa, dzina la setingi, ndi nambala kapena mawu amene munawapeza. Kujambula sikirini ndi foni kumathandizanso.

4. Sinthani chimodzi chokha, kenako yesani. Mukasintha zinthu zisanu nthawi imodzi pulogalamu n'kuvuta, simudziwa chimene chalakwitsa. Asayansi nawonso amatsata lamulo lomweli poyesa zinthu.

5. Pezani njira yobwerera musanalowe. Fufuzani batani lokhala ndi mawu ngati Reset kapena Restore defaults. Mu VLC lili pansi pa windo ya Preferences. Kumbukirani kuti batani lotere limafufuta zosintha zonse, kuphatikizapo zimene eni kompyuta anaika mwadala, ndiye nalonso musalidine osafunsa.

6. Chobisika n'chosiyana ndi chokiya. Ngati kompyuta yakufunsani pasiwedi imene simunapatsidwe, pamenepo ndi pa malire. Makolo ndi aphunzitsi amatseka zinthu zina pofuna kukutetezani. Ndipo wina pa intaneti akakuuzani kuti muzimitse pulogalamu yoteteza ku mavairasi, kapena mukopere mawu achilendo n'kuwamata penapake kuti mupeze gemu yaulere, kanani n'kuuza wamkulu. Akuba a pa intaneti amakonda kugwiritsa ntchito njira imeneyi.

Kodi mukudziwa?

Si zobisika zonse zimene zili masetingi. Zina ndi zoseweretsa zimene opanga mapulogalamu anaikamo kuti anthu asangalale. Intaneti ikaduka, Chrome imaonetsa kanyama kotchedwa dinosaur. Mukadina batani lalitali la pansi pa kiyibodi kamayamba kuthamanga n'kumalumpha mitengo yaminga. Gemu imeneyi anaiika mu 2014, ndipo mukhoza kuipeza nthawi iliyonse polemba chrome://dino.

Yesani izi, mutapempha chilolezo

*Sandutsani filimu kukhala gemu.* Tsegulani filimu mu VLC. Dinani Tools, kenako Effects and Filters, kenako Video Effects, kenako Geometry, ndipo chongani Puzzle game. Chithunzi chiduka tizidutswatizidutswa tosakanikirana, filimu ikuyendabe. Gwiritsani ntchito mausi kubwezera kachidutswa kalikonse pamalo pake. Yambani ndi mizere yochepa, kenako muwonjezere. Mukatha, chotsani chizindikirocho kuti wobwera pambuyo asadabwe.

*Lembani w wovala chipewa.* M'mabuku ena mumaona dzina la dziko litalembedwa kuti Malaŵi. Chilembo chimenechi sichioneka pa kiyibodi, koma kompyuta imachidziwa ndi nambala yake. Mu Word, yambani mzere watsopano, lembani 0175, ndipo nthawi yomweyo dinani Alt pamodzi ndi X. Nambala ija isanduka ŵ. Mukalemba 0174 mupeza Ŵ wamkulu.

*Phunzitsani Word kukulemberani.* Bwererani ku File, Options, Proofing, ndipo dinani AutoCorrect Options. Muona timabokosi tiwiri, kena Replace kena With. M'koyamba lembani chidule chimene simuchigwiritsa ntchito kwina, m'kachiwiri lembani dzina lonse la sukulu yanu. Dinani Add, kenako OK. Tsopano lembani chidulecho pa tsamba n'kusiya mpata, muone chimene chichitike.

*Khalani mphunzitsi.* Sankhani pulogalamu imodzi imene mumaikonda. Tsegulani masetingi ake, muwawerenge onse kuyambira pamwamba mpaka pansi osasintha kanthu. Sankhanipo setingi imodzi imene mukuganiza kuti anzanu sakuidziwa. Lembani m'kope njira yokafikira kumeneko, sitepe ndi sitepe, momveka bwino m'Chichewa. Kenako perekani kopelo kwa mnzanu, inu mukhale chete, manja kumbuyo. Akakafika yekha pa setingiyo, ndiye kuti mwalemba bwino. Akasochera, funsani pamene wasokonezekera, mukonze malangizo anu, ayesenso.